Funsani Azakhali: "Ndimawerenga mpaka 3 koloko koma m'mayeso mutu umangoima"

Makalata a mwezi uno achuluka ndithu ndipo pafupifupi onse achokera kwa ana a m'makoleji, mwina poti mayeso a semesita ayandikira. Ndasankhapo asanu ndi imodzi, maina ndabisa ngati nthawi zonse, ena ndawafupikitsako chifukwa malo ndi ochepa.

Azakhali,
Ndine mtsikana wa zaka 19, ndili chaka choyamba, ndikupanga za sayansi. Ku MSCE ndinakhoza ndi mapoyinti 11 ndipo kusukulu kwathu ndinali nambala wani kuyambira fomu 1 mpaka fomu 4, nde kumudzi aliyense amangoti uyu ndiye dokotala wathu. Koma kuno zandivuta zedi. Ndimawerenga tsiku lililonse mpaka 3 koloko m'bandakucha, manotsi onse ndinawapaka kale yelo ndi pinki, ena ndawawerenga kanayi kasanu moti ndimadziwa ndi pomwe pali chithunzi patsambapo, koma ndikangolowa m'mayeso mutu umangoima ngati sindinaonepo kanthu. Timayeso tiwiri ta pakati pa semesita ndalakwa tonse. Anzanga ena omwe sindiwaonako olo ku laibulale akukhoza bwinobwino. Kodi nzeru zinandithera, kapena alipo wandichita chipongwe kumudzi?
Yearo wosweka mtima

Mwana wanga, nzeru sizinakuthere ndipo palibe wakuchita chipongwe. Munthu wa mapoyinti 11 sasanduka mbuli m'miyezi itatu. Kalata yako ndaiwerenga kawiri ndipo vuto walitchula wekha osadziwa, pomwe wanena kuti umadziwa ndi pomwe pali chithunzi patsamba. Chomwe ukuchidziwa ndi tsambalo, osati zomwe zalembedwapo. Zili ngati munthu amene mumakumana naye tsiku ndi tsiku pa siteji ya minibasi, nkhope mwaizolowera, mukamuona mumati ameneyu ndimamudziwa, koma wina atakufunsani dzina lake kapena komwe amakhala mungangoti kakasi. Kuwerenga kanayi kasanu kumapangitsa manotsi kukhala nkhope yozolowereka basi, nde m'mayeso mulibe nkhope ija, muli pepala loyera ndi funso.

Tiye tikumbuke kaye mmene unakhozera ku sekondale. Iwe ukuganiza kuti unakhoza chifukwa chowerenga usiku, ine ndikuti ayi. Unakhoza chifukwa unkafunsidwa mafunso osapuma. Aphunzitsi amalowa m'kalasi n'kukuloza kuti dzulo tinati chani, Lachisanu lililonse kamayeso, kenaka mayeso a teremu, kenaka moko, kenaka mapepala akale a MANEB omwe munkawalemba mpaka kuwaloweza, ndipo zonsezi pa silabasi imodzi ya fomu 3 ndi fomu 4 yomwe munaizungulira zaka ziwiri zathunthu. Ku koleji zinthu zochuluka kuposa pamenepo mumazithamanga m'miyezi inayi, a lekichala amangodutsa ma slides awo n'kutuluka, m'holo muli anthu 200 kapena 300, palibe amene akulozeni chala. Ntchito yofunsa mafunso ija yomwe ankakugwirira aphunzitsi yatsala m'manja mwako, ndipo sunauzidwe kuti yatsala m'manja mwako. Ambiri a inu ma yearo, ana a chaka choyamba, mumagwera pomwepa.

Izi sindikungozinena za m'mutu mwanga. Mu 2006 akatswiri awiri a ku Washington University ku St. Louis, America, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke, anapatsa ophunzira a pa yunivesite nkhani zazifupi kuti awerenge. Gulu lina linawerenga mobwerezabwereza maulendo anayi, gulu lina linawerenga ulendo umodzi wokha kenaka maulendo atatu otsalawo linangopatsidwa pepala loyera kuti lilembe zomwe likukumbukira. Atawayesa patangopita mphindi 5, owerenga kanayi aja ndi omwe anachita bwino, ndipo ndi omwenso ankadzikhulupirira kwambiri kuti sadzaiwala. Koma atawayesa patatha sabata, owerenga kanayi anakumbukira pafupifupi 40 pa 100 pomwe odziyesa aja anakumbukira 61 pa 100. Ukuona pomwe pali msampha eti? Njira yako imakupatsa mtima woti ndadziwa usiku womwewo, nde umakagona wokhutira, kenaka sabata ikatha zapita.

Nde panga chonchi kuyambira mawa lomwe. Mukatuluka m'kalasi, tsiku lomwelo lisanade, pezapo mphindi 15, tseka kope, tenga pepala loyera ulembe chilichonse chomwe ukukumbukira pa zomwe aphunzitsa, m'mawu ako, olo m'Chichewa momwe zilibe kanthu. Ukaona kuti mwauma m'mutu ndi pomwe utsegule kope, uone zomwe wasiya ndi zomwe wasokoneza, uzilembe ndi cholembera chofiira. Zofiirazo ndiye zofuna nthawi yako, zinazo zisiye. Chachiwiri, m'mbali mwa tsamba lililonse la manotsi lembamo mafunso omwe tsambalo likuyankha, kuti ukamabwerera uziphimba manotsiwo ndi dzanja n'kumayankha mafunsowo mokweza kapena polemba. Za masamu, chemistry ndi physics ndiye osaziwerenga n'komwe ngati nyuzipepala, phimba chitsanzo chomwe a lekichala anasova, sova wekha, pomwe wakakamira ndi pomwe usuzumire mzere umodzi wokha n'kuphimbanso.

Ndikuchenjezeretu, masiku oyamba uzimva kuwawa, uziona ngati sukudziwa kanthu ndipo mtima uzikuuza kuti bola ndingobwerera kowerenga kuja. Usabwerere. Mutu kuima kuja kumene kukukuchitikira m'holo ya mayeso kuzikuchitikira kuchipinda kwako komwe kulibe malikisi otaya, ndipo kuvutikira kukumbukako ndi komwe kumakhomerera chinthu m'mutu.

Kenaka pali nkhani ya kubwerera. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anadziyesa yekha kalekale n'kufalitsa zomwe anapeza mu 1885, kuti munthu amaiwala mothamanga kwambiri m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba, kenaka kuiwalako kumayamba kuyenda pang'onopang'ono. Chifukwa chake ndikulimbikira zoti tsiku lomwelo. Ukatero bwereranso pakatha masiku awiri, kenaka sabata, kenaka masabata atatu, ulendo uliwonse poyamba ndi kudzifunsa osati kuwerenga. Maola 6 omwe umathera usiku umodzi pa mutu umodzi, utawagawa kukhala ola limodzi limodzi m'masabata atatu, phindu lake n'losiyana kutali. Munda sathirira kamodzi ndowa 20 n'kuusiya mwezi.

Ndipo ugone mwana wanga. Ukagona 3 koloko n'kudzuka 6 koloko, m'kalasi ya m'mawa umangokhalamo thupi lokha, nde usiku umakhala ukuphunzira koyamba zomwe ukanazimva masana, n'kugonanso mochedwa, basi kumangozungulira. Tulo si ulesi, ubongo umasanja ndi kusunga zomwe waphunzira munthu ali mtulo, ndipo wamsinkhu wako amafunika maola 7 kapena kuposerapo. Anzako omwe ukuti suwaona ku laibulale aja mwina amamvetsera m'kalasi ali maso, mwina amafunsana mafunso kuchipinda, usawayeze ndi maola okhala pampando.

Chomaliza, tenga mapepala a timayeso tiwiri tija upite nawo ku ofesi ya a lekichala pa nthawi yomwe anaika yoonana ndi ophunzira. Usakapemphe malikisi, ukangoti bwana kapena madamu ndimafuna mundionetse pomwe yankho langa laperewera. Kawirikawiri upeza kuti funso linati discuss kapena compare iwe n'kungondandalika mfundo ngati ku fomu 4, chikhalirecho iwo amafuna uonetse mbali ziwiri ndi chifukwa chake. Ambiri mwa iwo amasangalala mwana akabwera ndi funso lotere, maofesi aja amakhala opanda anthu mpaka sabata ya mayeso. Undilemberenso semesita ikatha.

Azakhali,
Ine ndi mnyamata, chaka chachiwiri, malo ku hositelo sindinapeze nde ndikuchita lendi ku Chikanda ku Zomba, chipinda chimodzi anthu atatu. Mesho wina amakonda nyimbo, wina amabwera ndi chibwenzi, magetsi akazima ndiye basi. Ndalama zomwe amanditumizira akunyumba zimatha pa 15, masiku ena ndimadya kamodzi, ndipo ndayamba kaganyu kotayipira anthu ma asayimenti kuti ndipezeko ya ufa. Nthawi yowerenga ndiipeza kuti?
Wa ku Chikanda

Mwana wanga, ndiyambe ndi njala chifukwa munthu wanjala olo umupatse njira zabwino bwanji sizilowa. Musamaphike aliyense payekha. Khalani pansi atatu nonse tsiku lomwe ndalama zalowa, sonkhani mugule ufa, nyemba, soya, mafuta, mchere ndi makala za mwezi wonse nthawi imodzi ndalama isanayambe kuthera pachiwaya, mugawane masiku ophika. Mbaula imodzi m'malo mwa zitatu, ndipo masiku awiri pa atatu ukubwera n'kupeza nsima yapsa, imeneyo ndi nthawi yowerenga yomwe waipeza kale. Ngati sunapemphepo ngongole ku bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, tchera khutu nthawi yomwe amatsegula ndipo mafomu uwadzaze msanga ndi zikalata zonse, pokumbukira kuti ndi ngongole, udzabweza ukayamba ntchito. Pitanso kwa a Dean of Students ukadzionetsere. Ana ambiri amachita manyazi, koma mabungwe ndi anthu akufuna kwabwino akabwera kuti tikufuna kuthandiza ovutika, amafikira ku ofesi imeneyo ndipo amayambira maina omwe alipo kale.

Tsopano za kuwerenga. Chipinda chija usachiwerengerenso ngati malo owerengera, ndi malo ogona basi, ukasiya kulimbana nacho mtima ukhala pansi. Tenga taimutebulo yako uone mipata, kalasi yatha 10 koloko ina ikuyamba 2 koloko, maola anayi amenewo ambiri amawathera pansi pa mtengo kucheza kapena kutsika ku Chikanda kukagona. Iwe uziwathera mu laibulale kapena m'kalasi yopanda anthu. Uzichoka m'mawa ngati munthu wopita kuntchito, kabotolo ka madzi ndi mbatata yophika m'chikwama, n'kubwerera madzulo ntchito ya tsikulo itatha, magetsi azime asazime. Laibulale ija musamaione mopepuka, funsani omwe anali ku Mzuni, yunivesite ya ku Mzuzu, mu December 2015 pomwe yawo inapsa ndi moto mmene anavutikira. Ukakhala pa kampasi tchajiratu foni ndi laputopu ndipo ma PDF onse udawunilodiretu pa WiFi ya sukulu kuti bando isakudyere ya ndiwo.

Kaganyu ako sindikuletsa, koma kakhale kotayipa zomwe mwini wake walemba kale pamanja. Tsiku lomwe wina adzakuuze kuti ingondilembera ndikupatsa zambiri, ukane, chifukwa zikadziwika mumapita nonse awiri. Ndipo kaikire malire, Loweruka ndi madzulo awiri pa sabata, masabata atatu omaliza mayeso asanayambe katsekeretu.

Azakhali,
Tili ndi gulupu ya anthu 12 koma tikakumana timangocheza za mpira ndi zibwenzi, ola limatha tisanatsegule buku. Ndituluke? Ndikuopa andinena kuti ndine wodzimva.
Mtsikana wa ku Bunda

Anthu 12 si gulupu yowerenga imeneyo mwana wanga, ndi msonkhano. Usakangane ndi munthu, macheza apitirire nthawi ya macheza, koma kumbali pezapo anzako atatu omwe amafika pa nthawi. Lamulo likhale limodzi, aliyense azibwera atawerenga kale ndipo ali ndi mafunso asanu olemba yekha. Mukakumana makope atsekedwe, mafoni m'chikwama, wina afunse wina ayankhe, wina aime afotokoze mutu wonse ngati akuphunzitsa ana a fomu 2 enanu muzimugwira pomwe wazembapo. Ola limodzi ndi theka lakwana. Ndipo usamathamangire kukhala ndi anzeru okhaokha kuti uzingomvera, wopindula kwambiri pa gulupu ndi amene akufotokozayo.

Azakhali,
Kalasi yathu pafupifupi aliyense akulembetsa ma asayimenti kwa ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti ija yomwe imayankha ndi kulembera munthu zomwe waifunsa, ndipo akupeza malikisi abwino kuposa ine amene ndimavutika ndekha. Ena amalowanso ndi likasa m'mayeso. Ndayamba kuona ngati ndine wopusa. Kodi ndingalakwe nditayamba nanenso?
Wokhumudwa, Blantyre

Kukhumudwa kwako ndikukumvetsa, zimawawa kuona wodutsa chidule akufika msanga. Za likasa sindichedwapo, ukagwidwa nalo sukulu zambiri zimakuimitsa kapena kukuchotseratu, zaka zonse ndi fizi yonse ya makolo kuthera pa kapepala kamodzi. Usayerekeze.

Za ChatGPT ndiye tikambirane bwino chifukwa chinthuchi chinabwera mu November 2022 ndipo sichibwerera. Poyamba dziwa kuti chimanama mosaphethira. Chimatha kukupangira dzina la buku, wolemba wake, chaka ndi tsamba, zonse zooneka bwino koma bukulo kulibe padziko lonse, ndipo pa nkhani za kuno kwathu monga malamulo a dziko lino, mbiri kapena ziwerengero za maboma ndiye chimaphonya kwambiri. Lekichala amene wakhala pa phunziro lake zaka 15 akaona buku lomwe sanalimvepo amakalifufuza, akalisowa nkhani yako yathera pomwepo. Chachiwiri, m'makosi ambiri malikisi ochuluka ali pa mayeso omaliza, ndipo m'holo muja mumalowa iwe ndi cholembera. Asayimenti ija cholinga chake n'choti uvutike nayo kuti zikhale m'mutu, nde anzakowo akugulitsa mayeso omaliza kuti agule malikisi ochepa a pakati pa semesita. Ndiye taganiza ngati ndi namwino kapena injiniya wa milatho amene wadutsa chonchi, amene adzavutike ndi ife tomwe.

Koma sindikuti uchithawe. Funsa kaye malamulo a sukulu yanu ndi a lekichala wa kosi imeneyo, poti ena amalola pang'ono ena salola n'komwe. Ngati amalola, chisandutse mphunzitsi wokufunsa mafunso. Chiuze kuti ndawerenga mutu wakuti, ndifunse mafunso 10 limodzi limodzi, usandiuze yankho mpaka nditayesa. Kapena ulembe ndime wekha n'kuchifunsa kuti mfundo yanga yafooka pati. Kapena chikufotokozere m'Chingerezi chophweka ndime yomwe yakukanika m'buku, kenaka ubwerere ku bukulo ukatsimikize. Zolemba zopereka kwa a lekichala zikhale zako, ndipo buku lililonse lomwe walitchula ukhale utaligwira kapena kulitsegula ndi maso ako.

Azakhali,
Ndine mayi wa zaka 38, mphunzitsi wa ku pulayimale, ana atatu, ndikupanga digiri ya maphunziro kudzera njira yophunzira uli kunyumba. Ndikaweruka ndimapeza ntchito zapakhomo zikundidikira, ndikamati ndikhale pansi 9 koloko usiku tulo basi. Bambo akunyumba poyamba ankandilimbikitsa koma pano ayamba kudandaula kuti mabuku andilanda. Ndinachoka pa sukulu kalekale, mutu sukugwiranso ngati kale. Ndisiye?
Mayi wa ku Mzimba

Mayi, musasiye. Ndipo zoti mutu sukugwira ndikukanirani, mutu womwe umasunga maina a ana 90 m'kalasi, masikimu, ndi bajeti ya pakhomo ukugwira bwino lomwe, kungoti mukuupatsa mabuku pa nthawi yomwe watopa kale. 9 koloko usiku mutaima tsiku lonse pa bolodi palibe angawerenge. Tembenuzani tsikulo, muzigona msanga limodzi ndi ana n'kudzuka 4 koloko, ola limodzi ndi theka m'nyumba muli zii limaposa maola atatu osinza.

Musamadikirenso kuti mupeze tsiku lonse lopanda chochita, kwa mayi wa ana atatu tsiku limenelo silibwera. Kuli njira ina yomwe anayambitsa Mtaliyana wina, Francesco Cirillo, ali pa yunivesite cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ankatchera kawotchi ka kukhitchini mphindi 25, kugwira chinthu chimodzi chokha osadzuka, kenaka kupuma mphindi 5. Kwa inu ubwino wake ndi woti mphindi 25 zimapezeka, pa buleki kusukulu, podikira nyemba kuti zipse, pa mzere ku chigayo. Lembani mafunso pa timapepala, funso kutsogolo yankho kumbuyo, tiziyenda nanu m'chikwama. Ndipo inu muli ndi mwayi womwe ana a zaka 19 alibe, zomwe mukuwerenga za mmene mwana amaphunzirira mukuziona ndi maso m'mawa uliwonse, nde mfundo iliyonse muziimangirira pa mwana weniweni wa m'kalasi mwanu, imeneyo simungaiiwale ndipo m'mayeso zitsanzo zotere ndi zomwe zimakweza malikisi.

Za bambo, kawirikawiri chomwe chimawawa si mabuku ayi koma kusadziwa kuti zidzatha liti ndipo nthawi yawo ndi iti. Khalani nawo pansi muwaonetse kalendala, masabata a ma asayimenti ndi awa, opita ku kampasi ndi awa, mayeso ndi awa, chaka chomaliza ndi ichi, ndipo Lamulungu masana mabuku ndimatseka. Muwapemphe chinthu chodziwika, monga kuti masabata awiri a mayeso aziona za homuweki ya ana, osangoti mundithandize. Ana okulirapo agawireni mbale ndi kusesa, sakufa nazo, ndipo mwana amene wakula akuona mayi ake akuwerenga m'bandakucha simudzavutika kumuuza za sukulu.

Azakhali,
Zotsatira zatuluka ndipo ndili ndi masapu awiri, mayeso olembanso a makosi omwe ndalakwa. Kunyumba ndinawauza kuti ndakhoza zonse chifukwa bambo anagulitsa ng'ombe kuti alipire fizi. Anzanga akuti ukalakwa sapu umawididwa, ndiye kuti kuchotsedwa sukulu, ena akuti umangobwereza kosi. Sindikugona, chakudya sichikulowa, nthawi zina ndimaganiza kuti bola kungosowa. Mayesowo ndi masabata atatu akubwerawa.
Mnyamata wa chaka chachitatu

Mwana wanga, ndiyamba ndi mawu ako omalizawo chifukwa andikhudza kuposa masapuwo. Ngati kusowa komwe ukunenako ndi kuganiza zodzichotsera moyo, lero lomwe uuze munthu, kaya ndi mnzako wapamtima, abusa kapena shehe, mlangizi wa ophunzira pa sukulu panu kapena a chipatala chomwe chili pafupi, ndipo usakhale wekha usiku uno. Bambo ako ng'ombe anagulitsa chifukwa cha iwe, iweyo ndiye wamtengo kwa iwo osati ng'ombeyo kapena pepalalo. Tataya ana ambiri m'dziko muno pa zinthu zomwe zikanakonzeka, sindikufuna uwonjezere chiwerengerocho.

Sapu si kuwididwa. Sapu ndi sukulu kukuuza kuti unatsala pang'ono, bwera uyesenso. Inenso ndinalembapo sapu chaka changa chachiwiri, ndinalira usiku wonse, ndinalemba, ndinakhoza, ndinamaliza ndi anzanga omwewo, ndipo pa ntchito zonse zomwe ndagwira palibe anandifunsapo za sapuyo.

Zoti ukalakwa chimachitika n'chani usamvere za m'makhonde. Kuyambira 2021 pomwe University of Malawi yakale inagawidwa kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS, pa masukulu atatuwa, komanso ena monga LUANAR, Mzuni, MUST ndi makoleji omwe si aboma, sukulu iliyonse ili ndi malamulo akeake a mayeso, nde zomwe anakuuza msuweni wako amene anaphunzira kwina kapena zaka 10 zapitazo mwina sizikukhudza n'komwe. Pita kwa mkulu wa dipatimenti yanu kapena ku ofesi ya rejisitirala mawa m'mawa, ufunse kuti ndikalakwa imodzi chimachitika n'chani, ndikalakwa zonse ziwiri chimachitika n'chani, akuonetse polembedwa. Mantha a chinthu chosadziwika ndi omwe akukulanda tulo.

Kunyumba uwauze. Bodza lija ukulisenza limodzi ndi makosi awiri, ndi katundu wolemera kwambiri pa masabata atatu. Ngati bambo sungayambe nawo, yamba ndi mayi kapena amalume, unene mwachidule kuti ndinaopa kukuuzani, makosi awiri ndilembanso pa tsiku lakuti, ndikukonzekera. Akhumudwa inde, tsiku limodzi kapena awiri, koma bola amve kwa iwe kusiyana n'kudzamva kwa mwana wa aneba.

Masabata atatu pa makosi awiri ndi nthawi yokwanira ngati suyambira tsamba loyamba. Tsiku loyamba tenga pepala lomwe unalakwa lija ndi mapepala a zaka zitatu zapitazo, khala pansi uwalembe kope lili chotseka, wotchi ili patebulo, olo uziona kuti palibe chomwe ukudziwa. Ukatero gawa mitu patatu, yomwe ukuitha, yomwe ukuidziwa mwa theka, ndi yomwe ili mdima weniweni. Yambira ya theka ija chifukwa ndi momwe muli malikisi apafupi, kenaka ya mdima yomwe imabwera chaka chilichonse, yomwe ukuitha uzingoisuzumira kamodzi pa sabata. Kosi imodzi m'mawa ina masana tsiku lililonse, osati sabata ino iyi sabata yamawa inayo. Pezanso mnzako mmodzi amene anakhoza bwino makosiwo akupatse ola limodzi kawiri pa sabata, iwe uzifotokoza iye azikukonza. Masiku atatu omaliza osayambanso mutu watsopano, ungolemba pepala lathunthu pa nthawi yake yeniyeni, maola atatu ngati ndi atatu, ndipo usiku woti mawa mayeso ugone pofika 10 koloko utadya.

Undilembere mawa lomwe kudzera kwa akonzi, mzere umodzi wokha wondiuza kuti walankhula ndi ndani.